Kabowo ka misozi kakachepa: kukakuza kapena kukacheka?

Pakona ya diso, chakumphuno, chikope chilichonse chili ndi kabowo kakang'ono, pafupifupi mamilimita 0.3, kamene misozi imalowamo popita m'mphuno. Kakachepa, diso limangolengeza misozi, tsaya limanyowa, munthu n'kumangopukuta ngati ali pamaliro. Vutoli limakonda okalamba, amene zikope zawo zimatupatupa m'mphepete, ndi amene atha zaka akudontheza m'maso mankhwala a glaucoma, matenda amene amawononga mtsempha wothandiza diso kuona.

Dokotala angathe kungokakuza. Amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa kachitsulo kosongoka, akukapotokola pang'onopang'ono mpaka kabowoko katatseguka. Pamphindi zochepa zatha, popanda bala. Koma nthawi zambiri kabowoko kamabwerera mwakale, misozi n'kuyambiranso. Apa m'pamene ambiri amataya mtima.

Kucheka n'kozama pang'ono. Amabaya jekeseni wa dzanzi pachikope, kenako ndi kalumo kakang'ono amacheka m'mphepete mwa kabowoko, kawirikawiri katatu, kuti khomo likhale lalikulu. Timagazi timatuluka, chikope chimatupa masiku angapo, ndipo nthawi zina chipsera chimadzatsekanso pamenepo. N'chifukwa chake madokotala ena amasiyamo kachubu kofewa ka silikoni kwa milungu ingapo. Komabe, kutseguka kwake kumakhalitsa kuposa kungokuza.

Ine ndimati yambani ndi kukuza, ndipo misozi ikabwerera musachedwe kuvomera kucheka. Koma musanachekedwe, pemphani kuti akupopereni madzi amchere m'kabowoko. Mukawamva kukhosi, njira ya m'munsi ndi yotseguka. Akabwerera m'diso, ndiye kuti patsekeka penanso mkati, ndipo kucheka pakhomo pokha sikungaumitse tsaya lanu.