Double cab ya dizilo yochokera ku England: mmene yandisungira patatha madzinja awiri

Nditangoigula galimoto iyi ndinalemba zoiyamikira zokhazokha: mphamvu pokwera mtunda, kusamwa mafuta, ndiponso kuti munthu umachoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu msana uli bwinobwino. Ambiri mwa inu munati ndidikire kaye ilawe matope. Yawalawa tsopano, ndipo ntchito yake sinali yopita nayo ku ofesi ayi. Ndimagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Mchinji, Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, choncho nthawi zambiri imakhala pa msewu wafumbi, kumbuyo itasenza matumba.

Kwa amene simunawerenge zoyambazo, ndi double cab ya dizilo, injini ya masilinda anayi yokhala ndi turbo, giya ya otomatiki. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito ku England, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Dzina la kampani ndilisiya, chifukwa zimene ndinene pano mudzazipeza pa ma double cab ambiri opangidwira msika wa ku Ulaya kuyambira cha m'ma 2016, pamene malamulo a utsi otchedwa Euro 6 anafika pa magalimoto amtundu umenewu.

Injini yeniyeniyo ilibe mlandu. Sinatenthepo, simwa oyilo, ndipo m'mawa mwa June kukuzizira imalira kamodzi n'kamodzi. Giyabokosi nayo ili chete. Pa tara imamwa malita osapitirira 9 pa makilomita 100, pomwe galimoto yakale ya masilinda asanu ndi imodzi imene ndinkayendetsa kale inkadutsa 12 popanda katundu. Pa mtengo wa dizilo wa masiku ano, kusiyana kumeneku si kocheza. Ndikawerenga masiku amene yagona pa galaja, ndi ochepa kuyerekeza ndi galimoto yakale ija, imene inkafuna sipanala pafupifupi mwezi uliwonse. Koma yakaleyo ikafa, mnyamata aliyense wa pa Mponela kapena pa Kamwendo ankaidzutsa tsiku lomwelo. Iyi ikadwala imafuna kompyuta, munthu wodziwa kuiwerenga kompyutayo, ndi sipeya yogulidwa ndi madola.

Ndalama zambiri zinapita pa mafuta oipa. Mafuta atavuta kwambiri kumapeto kwa 2024, panali masiku amene kumudzi kunalibe kochitira mwina koma kugula a m'zigubu kwa mavenda. Injini zakale zimameza zimenezo n'kungotsokomola pang'ono. Zamakonozi ndi za common rail: pampu imapanikiza dizilo kufika pafupifupi ma bar 2,000, pomwe tayala la galimoto yomweyo timapopa ma bar awiri ndi theka. Timabowo ta injector, kachipangizo kopopera dizilo mu injini, n'tating'ono kwambiri moti ndi maso simungatione bwino, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa zitsulo za m'kati mwa pampu. Mukalowa madzi, fumbi kapena parafini wosakaniza, zitsulozo zimayamba kudyana. Kanyali ka madzi m'filita kanayaka kangapo, ndinkakhetsa madziwo pansi pa filita monga buku linenera, koma patapita nthawi injini inayamba kunjenjemera ikamalira pamalo, utsi woyera m'mawa. Injector imodzi inali itatha.

Apa ndi pamene ndinadziwa mtengo weniweni wa galimotoyi. Injector imodziyo pamodzi ndi ntchito yake inadya ndalama zoposa masevisi onse a chaka chimenecho kuphatikiza. Kuimanga kokha sikukwana, chifukwa iliyonse imabwera ndi nambala yake imene iyenera kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto, apo ayi injini siyenda bwino. Amakaniko anandiuza poyera kuti ndithokoze, chifukwa pampu ikanaperesuka n'kumwaza tizitsulo m'mapaipi, tikanasintha ma injector onse anayi, pampu yomwe, n'kutsuka thanki. Ndalama ya ntchito yotereyi munthu angagulire kagalimoto kakang'ono koyenda. Ndiye muonjezerepo kwacha. Inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo wogulitsa masipeya sawerengera mtengo wa ku banki chifukwa madolawo sawapeza ku banki. Mtengo umene akuuzeni Lolemba, pofika Lachisanu wasintha.

Chachiwiri chimene chandidyera nthawi ndi zipangizo zoyeretsa utsi. Pansi pa galimoto pali DPF, sefa yogwira mwaye. Ikadzaza, kompyuta imathira mafuta oonjezera kuti utsi utenthe kufika madigiri pafupifupi 600, mwayewo upse. Kuti zimenezi zitheke galimoto iyenera kuthamanga ndithu kwa mphindi makumi awiri kapena kuposa osaima. Pa misewu ikuluikulu ya ku England zimangochitika zokha mwini wake osadziwa. Kwathu kuno tsiku langa limakhala lotani? Kuyenda pang'onopang'ono m'maenje, kuima pa sikelo, kusuntha kupita mudzi wina, kenako kukwawa pa mzere wa mafuta injini ikulira. Sefayo siipeza mpata wodziyeretsa. Kanyali kamayamba ndi kuchenjeza, mukakanyalanyaza galimoto imadzichotsera mphamvu yokha, n'kumayenda ngati yasenza nyumba. Zinandichitikira ndili ndi matumba kumbuyo, pa chitunda cha ku Ntchisi, ndipo ndinafika pa tara movutikira kwambiri.

Panopa ndinazolowera kuti sabata ikamatha ndimaipatsa ulendo wa pa M1 wopanda choimira, ngakhale kulibe chokatenga. Mafuta amenewo ndimawawerengera pa ndalama zokonzetsera. Chenjezo limodzi kwa anzanga oyenda m'minda: galimoto ikamadziyeretsa chonchi paipi ya utsi imatentha koopsa, musaimike pa udzu wouma m'miyezi ya September ndi October. Komanso oyilo si aliyense. Imafuna wa phulusa lochepa, amene pa chigubu pamalembedwa C2 kapena C3, ndipo ndi wodula kuposa 15W-40 amene tinazolowera. Mukathira wambayo injini siidandaula, koma phulusa lake limakatsalira m'sefa, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Dizilo wathunso ndi wa 50 ppm wa sulphur (magawo 50 pa miliyoni) pomwe wa ku Ulaya ndi wa 10, kotero sefayo imagwira ntchito yolemerera kuposa imene anaipangira.

AdBlue ndi nkhani ina. Ndi madzi oyera osakaniza ndi urea wokwana 32.5 peresenti, amene amapoperedwa mu paipi ya utsi kuti auyeretse, ali ndi thanki yakeyake, ndipo akatha galimoto imakuwerengerani makilomita otsala. Akakwana, mukazimitsa injini siiliranso. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre amapezeka, koma ku Nkhamenya musayembekezere, choncho chigubu chimodzi chimakhala kuseri kwa mpando nthawi zonse. Ndamvapo wina akufunsa ngati angasungunule feteleza wa urea m'madzi a pa mjigo. Ayi ndithu, mudzapha kapampu ndi sensa zodula kuposa AdBlue wa zaka zisanu.

Amakaniko ambiri amanena kuti tingochotsa zonsezi, DPF, EGR (chipangizo chobwezera utsi wina mu injini) ndi AdBlue yemwe, n'kusintha pulogalamu ya m'kompyuta. Sindinavomere. China n'chakuti ntchitoyi ikagwiridwa ndi munthu wongokopera pulogalamu pa intaneti, galimoto imatsala ndi matenda osadziwika mutu wake, ndipo kubwezera mwakale n'kodula kuposa kuchotsako. Chinanso, ndaimapo kumbuyo kwa galimoto zochotsedwa zimenezi pa mzere wa mafuta. Utsi wake aliyense amene wayendapo m'tauni akuudziwa, ndipo amaupuma ndi ana ogulitsa mandasi m'mbali mwa msewu. Komabe sindiweruza mnzanga wa ku Chitipa amene anachotsa, poti kwa iye kompyuta yapafupi ili ku Mzuzu.

Za pansi sindichulutsa, ndi zimene msewu wafumbi umadya pa galimoto iliyonse: mabushi, ma shock akutsogolo, ndi kalabala kophimba CV joint (cholumikizira chimene chimazungulitsa tayala) kamene kanang'ambika ndi chitsa. Izi mtengo wake ndi wopiririka ndipo aliyense amakonza. Matayala okha ndi amene anandikwiyitsa. Inabwera ndi marimu a mainchesi 18, okongola m'tauni, koma mphira wa m'mbali ndi wochepa moti mwala umodzi wakuthwa umang'amba tayala lonse. Ndinasintha n'kuika a 17, ndipo ndikanatsika kufika pa 16 mabuleki akanalola.

Chimene chinandiseketsa mokwiya ndi kawaya ka sensa ya ABS, chipangizo choletsa matayala kuumiratu mukaponda mabuleki mwamphamvu. Matope a ku Mchinji anakakoka n'kukadula, kawaya kosakwana mkono. Dashibodi yonse inayaka, ABS inazima, ndi chipangizo choletsa matayala kuterereka chinazimanso, pa nthawi yeniyeni imene ndinkachifuna. Galimoto yakale inali ndi ndodo yachiwiri pambali pa giya, ukakoka basi matayala onse anayi agwira. Iyi ili ndi kabatani kopotokola, kamene kamayamba kafunsa kaye kompyuta ngati ikulola. Tsiku limenelo anandikankha ndi anyamata a m'mudzi, ndipo analipiritsa monga mwa mwambo.

Ponena za amakaniko, makina oyezera afala tsopano, pafupifupi galaja iliyonse ya m'tauni ili nawo. Vuto ndi lakuti makinawo amangotchula pamene pakupweteka, satchula matenda. Akalemba kuti sensa yakuti sikuwerenga bwino, wina amathamangira kukugulitsani sensa yatsopano, chikhalirecho ndi waya wothothoka kapena paipi yobooka. Pa galaja ina anandisinthitsa sensa yabwinobwino mwa njira imeneyi. Makaniko amene ndakhazikika naye amayamba ndi kuyeza mawaya asanatchule mtengo wa chilichonse, ndipo ngakhale amalipiritsa mokwera, wandipulumutsira zambiri. Masipeya a pansi mumawapeza ku Malangalanga kapena ku Ndirande, bola mukhale ndi diso chifukwa achinyengo ndi ambiri, makamaka mafilita. Filita ya dizilo yokha musanyengerere, gulani yeniyeni. Zamagetsi ndi za utsi nthawi zambiri n'zoitanitsa, ndipo tumizani nambala ya chassis, osangotchula mtundu ndi chaka. Chodabwitsa n'chakuti Hilux ndi Ranger zambiri zogulitsidwa ku England zimapangidwa ku South Africa konkuno, ina ku Durban, ina ku Silverton ku Pretoria. Zimakwera sitima kupita ku Ulaya zitavekedwa zipangizo za malamulo a kumeneko, patapita zaka n'kubwerera kuno nazo. Mapasa ake ogulitsidwa ku Johannesburg amaoneka chimodzimodzi kunja, koma masipeya a utsi ndi a magetsi sagwirizana nthawi zonse.

Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake zipatala ndi mabungwe ambiri akugulabe Land Cruiser 70 ya injini ya 1HZ ya malita 4.2 yopanda turbo, galimoto imene inayamba kupangidwa mu 1984. Ndi nkhuku yachikuda, imadzitolera yokha, pomwe yangayi ndi yachizungu yofuna chakudya chake ndi katemera pa nthawi yake. Koma tisanamizanenso. Land Cruiser imeneyi imamwa mafuta, imagwedeza impso, ndipo pa M1 usiku, lole ikatulukira mbali yanu, mabuleki ndi ma airbag a galimoto yamakono ndi zinthu zimene sindingasinthanitse ndi kuphweka kwa sipanala.

Kodi ndingaigulenso? Amene mumakhala m'tauni, mumamwetsa pa malo odziwika, ndipo kumudzi mumapita mwa apo ndi apo, gulani, simudzadandaula. Amene ntchito yanu ili ngati yanga, funani double cab yopangidwira msika wa kuno kummwera kwa Africa, chifukwa zambiri mwa izo zilibe AdBlue, ngakhale mtengo wogulira ukhale wokwererapo. Ya ku England imaoneka yotchipa pa tsiku logula lokha. Yangayi sindigulitsa chaka chino. Ndamangitsa filita yachiwiri yolekanitsa madzi dizilo asanafike ku filita ya kampani, ndimasintha zonse ziwiri pa theka la makilomita amene buku limanena, ndipo nyengo yogula soya ikayamba mu April ndizinyamula dizilo wanga m'zigubu zachitsulo kuchokera ku Lilongwe.