Pikapu yokokera boti kuno ku Mangochi: V8 ya petulo, Hilux ya dizilo kapena Cruiser yakale?

Chigulitsireni chigalimoto changa chachikulu cha ku America, cha injini ya petulo ya V8 (ya masilinda 8), sipatha sabata osandifunsa munthu. Wina amandiimitsa pa msika wa nsomba, wina amanditumizira uthenga pa WhatsApp pakati pa usiku: "Achimwene, ndaona pikapu ya ku America ya V8 ikugulitsidwa ku Blantyre, ndikufuna yokokera boti, ndigule?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense awerenge yekha.

Ntchito yanga ndi yokoka ngolo. Ndimanyamula maboti a injini kuchoka pa Boma kupita ku Monkey Bay, ku Chembe, nthawi zina ku Malembo, ndipo usipa ukachuluka ndimakweza matumba pa ngolo kupita nawo ku Lilongwe kudzera ku Golomoti. Pa ntchitoyi ndagwira ziwongolero zitatu: Land Cruiser 79 ya injini ya dizilo ya 1HZ imene anandisiyira malemu bambo anga, Hilux ya 2.8 GD-6 ya alamu anga, ndi chipikapu cha petulo cha ku America chimene ndinagula ndi ndalama zanga. Dzina lake sinditchula, ndiponso amene anandigulitsa sindimutchula, chifukwa chondipweteka si chitsulocho ayi, koma zimene anandibisira.

Pa mphamvu ndisaname, aku America aja alibe mnzawo. Ford F-250 ya injini ya malita 7.3, imene inatuluka mu 2020, imatulutsa ma Nm (muyeso wa mphamvu yokokera ya injini) oposa 640. Chevrolet Silverado 2500HD ya malita 6.6 ili pafupi ndi 630, Ram 2500 ya 6.4 Hemi ili cha m'ma 580. Hilux ya 2.8 ya giya yodzisintha yokha imafika 500, pamene Cruiser ya bambo anga ili ndi 285 basi. Tsiku loyamba kutulutsa boti m'madzi ku Chembe, pa mchenga wonyowa uja, chinangolira kamodzi n'kulitulutsa ngati chikukoka mtanga wopanda kanthu. Anyamata a padoko anaimba m'manja. Mtima wanga unali m'malo, ndinati ndagula.

Mavuto anayambira pa mafuta. Pogula ndinafunsa kuti chimamwa bwanji, wogulitsayo anati "pang'ono chabe kuposa Cruiser, bwana." Ndinapempha pepala losonyeza kamwedwe kake, sanandipatse. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti ku America komweko magalimoto olemera kupitirira mapaundi 8,500 akasenza, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 3,850, boma silikakamiza opanga kulemba kamwedwe ka mafuta monga amachitira ndi magalimoto ang'onoang'ono. Mapikapu onse atatu ndatchulawa ali m'gulu limenelo. Choncho munthu akakuuzani nambala, mufunseni kumene waitenga, ndipo mufunsenso ngati anali atakoka kanthu kumbuyo.

Chopanda katundu chinkamwa kwambiri, koma zinali zopiririka. Ndikangomangirira ngolo ya boti, singano ya mafuta inkatsika ndikuiona ndi maso. Injini ya petulo imafuna kulira kwambiri kuti ipeze mphamvu zake, pamene ya dizilo imakoka ikadali pansi. Kuchoka ku Monkey Bay kubwerera pa Boma, mwera ukuwomba kutsogolo, boti lili ngati khoma kumbuyo, giya inkangotsika yokha n'kumakuwa njira yonse. Kuwonjezera apo, lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita ya petulo, ndipo petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene mphamvu zake pa lita n'zochepa kuposa za petulo weniweni. Galimoto yaing'ono simungaone kusiyana kwenikweni. Pa V8 yokoka matani atatu mumaona m'thumba. Ulendo wa ku Lilongwe umene Cruiser imapita n'kubwera popanda ine kuganiza za siteshoni, chigalimoto chija chinkandiimitsa panjira popita, n'kundiimitsanso pobwera.

Wina anena kuti petulo ankatchipa. Inde, mu November 2023 kwacha itatsika ndi 44 peresenti, petulo anafika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K2,734. Kusiyana kwa K204 pa lita sikungakupulumutseni ngati mukugula malita ochuluka chonchi. Ndipo amene anagona pa mzere wa mafuta m'miyezi ija akudziwa kuti funso silinali mtengo, linali lakuti mupeza malita angati. Ndinagonapo pa siteshoni ina usiku uwiri, udzudzu wa kuno mukuudziwa, ndipo nditafika pa pampu anati aliyense malita owerengeka. Mnzanga wa Hilux anatenga omwewo n'kupita kukagwira ntchito ya tsiku lonse. Ine malitawo anangondikwanira kupita ku Monkey Bay ndi boti, kubwerako kunali kwa mwayi. Mwezi umenewo ndinakana ntchito zitatu galimoto ili bwinobwino pakhomo.

Koma chimene chinandichititsa kuchigulitsa ndi cha ku Golomoti. Amene munadutsako mukudziwa mmene msewu uja umakhotakhota pophiri, kutsika kuchokera ku Masasa mpaka kuchigwa. Ndinkachokera ku Lilongwe nditakweza simenti ndi malata pa ngolo, katundu wa bambo wina amene ankamanga ku Makawa. Ndinali wodzikhulupirira chifukwa wogulitsa uja anandiuza kuti chimakoka matani oposa asanu. Sanandiuze kuti nambala imeneyo amawerengera ngolo yokhala ndi mabuleki ake. Ku America ngolo zazikulu zimakhala ndi mabuleki amagetsi, ndipo m'galimoto mumakhala kachipangizo kowalamulira. Kachipangizoko kanalimo, pafupi ndi bondo langa, koma kanalibe choti kalamule, chifukwa ngolo yanga inawotcheredwa kuno konkuno, ekiselo ya galimoto yakale, matayala awiri, yopanda mabuleki ngakhale pang'ono.

Pa khona lachitatu ndinayamba kumva fungo lopserera. Pa lachinayi phazi linapita pansi kwambiri kuposa masiku onse, ndipo ndinamva ngolo ikukankha kumbuyo, thako la galimoto likufuna kupita kwina. Mnyamata amene ndimayenda naye anagwira chitseko osalankhula, ine ndinangoti "Ambuye" n'kutsitsa giya ndi dzanja. Pano ndiyamikire injini ya petulo: ukaiika m'giya yotsika imagwira galimoto bwino potsetsereka, kuposa dizilo yopanda buleki ya ekizozi. N'chimene chinatithandiza kufika pamalo otakasuka n'kuima. Titatuluka, marimu akutsogolo sankagwirika, utsi ukutuluka pang'onopang'ono. Tinakhala pamwala ola lathunthu. Mayi wina wosenza nkhuni anatipatsa moni n'kufunsa ngati tili bwino, ndinalephera kumuyankha msanga chifukwa manja anali akunjenjemerabe.

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti awerenge nambala ziwiri, osati imodzi. Hilux ya 2.8 ndi Ford Ranger zimalembedwa kuti zimakoka mpaka makilogalamu 3,500, kutengera mtundu wake, koma ndi ngolo ya mabuleki. Ngolo yopanda mabuleki malire ake ndi makilogalamu 750 okha. Boti limodzi ndi injini yake, mafuta ndi makoka, mwapitirira kale. Ndalama imene mukufuna kuwonjezera pa V8, kaikeni mabuleki pa ngolo.

Mabuleki otenthawo anafunika kusintha, ndipo apa panabwera chilango chachiwiri. Makaniko wanga anayang'ana mapadiwo n'kupukusa mutu. Pa Boma panalibe, ku Limbe kunalibe, tinaitanitsa kudzera ku Johannesburg ndipo galimoto inakhala pamiyala milungu isanu. A Hilux ndi a Cruiser mumawapeza tsiku lomwelo, ndipo mnyamata aliyense wa pagalaji amadziwa kuwamanga. Ngakhale kampira kokokera ngolo kanali kosiyana, kawo ndi ka mainchi, kathu ndi ka mamilimita 50, ndinagulanso kena.

Chiwongolero chakumanzere ndi nkhani ina. Pa msewu wa ku Monkey Bay, wopapatiza, wodzaza akabaza ndi mbuzi, ukakhala kumbuyo kwa lole suona kutsogolo chifukwa wakhalira m'mphepete mwa msewu. Ndinkadalira mnyamata kundiuza kuti "pitani" kapena "dikirani", ndili ndi boti la munthu kumbuyo. Mtima sunkakhazikika.

Za mipando yofewa ndi kuzizira kwa m'kati mu October, aku America apambana, sinditsutsa.

Dizilo nayo ili ndi pake podwalira. Hilux ya 2.8 ndi injini yamakono, ma injector ake (tizipangizo topopera mafuta mu injini) safuna mafuta akuda kapena amadzi. Nthawi ya kusowa kwa mafuta alamu anga anagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo ndalama imene anakalipira ku galaji ikanagula mafuta a miyezi ingapo. Cholakwa sichinali cha galimoto, chinali cha wogulitsa m'chigubu uja, komabe dziwani kuti injini yotere siikhululuka. Ya petulo ndi yopirirako pa zimenezi, ndipo kukonza kwake sikudula chotere bola zipangizo zipezeke. Ngati mumakoka kawiri kapena katatu pa chaka, masiku ena onse galimoto ili yopepuka, Hilux ya 4.0 V6 kapena Cruiser 79 ya 4.0 ya petulo si zoipa, chifukwa chiwongolero chili kumanja ndipo zipangizo zilipo. Zimamwa, koma simungagone nazo pamiyala.

Kwa munthu wokoka sabata iliyonse, amene akufuna kufika msanga ndi kusunga mafuta, Hilux ya 2.8 ndiye yoyenera, bola amwetse pa pampu pokha ndi kusintha sefa ya mafuta nthawi yake. Ndikudziwa kuti imeneyo ndiyo nzeru. Koma ine ndinabwerera ku Cruiser ya bambo. Pokwera ku Namwera ndi katundu imayenda ngati nkhalamba, giya yachiwiri, ma minibasi akundipitirira, utsi wakuda pang'ono kumbuyo. Ilibe kompyuta yoti iziyatsa magetsi ondiopseza, ndipo ikatsokomola ndimadziwa pogwira. Ndalama za chigalimoto chija ndinagulira ekiselo ya mabuleki, ndipo sabata yatha ndinatsika Golomoti ndi matumba 30 a simenti, ndikufika pansi ndinagwira rimu ndi dzanja, inali yofunda chabe.