Miyezi 14 chikwezereni bodi ya pikapu yanga

Dzana ndinalipira K610,000 ku galaja pa Dedza boma. Ndisanafike n'kunyumba komwe, alamu anga a ku Lizulu anaimba kufunsa ngati nawonso angakweze bodi ya pikapu yawo monga ndinachitira ine. Ndinangoti, "Alamu, tikambirana mtima ukakhala pansi." Mtima sunakhalebe pansi, koma yankho lawo ndi ili.

Galimoto yanga ndi Hilux yakale ya dizilo, ya injini ya 3L. Imatuta kachewere ku Bembeke kukatula ku Golomoti ndi ku Monkey Bay, pobwerera n'kusenza usipa. Ndinaigulira body lift kit ya mainchi awiri, omwe ndi masentimita 5: timabuloko tolimba tolowa pakati pa bodi ndi chasisi, ndi mabawuti aatali omangira. Ndinapereka K380,000 kwa mkulu wina wa ku Lilongwe amene amaitanitsa masipeya ku Joni, ndi K90,000 kwa makaniko amene anaika.

Choyamba, alamu, musanamizidwe kuti galimoto yonse imakwera. Imakwera ndi bodi yokha. Injini, giyabokosi ndi difu (chimutu chachitsulo chija chili kunsi, pakati pa matayala) zimatsala pomwe zinali. Chimene mumapindula ndi mpata woika matayala aakulu. Ine ndinachotsa a 205R16 n'kuika a mainchi 31, ndi marimu ake omwe, ndipo difu inatalikirana ndi nthaka ndi masentimita awiri okha ndi kachidutswa. Zikumveka zochepa, koma dzinja lathali, m'mikwasa imene malole amasiya m'misewu ya kumidzi, ndinkadutsa pamene kale ndinkakhala pamimba n'kumafuna anyamata okankha. Apo sindinganyoze.

Matayala sakhudza bodi ngakhale nditadzaza matumba. Chiwongolero chili bwino chifukwa kachitsulo kochitalikitsira kanalimo m'bokosi la kit ija. Mabawuti anakhwefuka pang'ono mwezi woyamba, tinamanganso, mpaka lero ali zii. Ndodo ya giya inafupika, ndinazolowera. Sipidomita imanama: ikamaloza 80 ndiye kuti mukuthamanga cha m'ma 85, ndiye pa M1 muzikumbukira a kamera aja. Dizilo imamwa moonjezerako. Mayi a kunyumba amadandaula kuti kukwera atavala chitenje kwasanduka ntchito, moti ndimayenda ndi kampando kumbuyo.

Nkhani yeniyeni ndi ya redieta. Redieta imamangidwa ku bodi, pamene fani ili pa injini. Bodi itakwera, redieta inakwera nayo, fani n'kutsala pansi. Tsiku loyamba lomwe, titangoliza injini, panamveka phokoso ngati njinga yokhula unyolo: fani inkamenya chivundikiro chake cha pulasitiki. Makaniko anatenga sowo, n'kudula theka lapansi la chivundikirocho, nati, "Bwana, zatha izi." Inenso ndinavomera kuti zathadi.

Chivundikiro chimenecho si chokongoletsa ayi. Ndicho chimachititsa kuti fani ikoke mphepo kudzera m'redieta. Pa msewu wosalala panalibe vuto, koma pa chikweza chilichonse muvi wa kutentha unkayamba kukwawa. Ndinasintha thermostat (kachipangizo kolamulira kutentha kwa injini), ndinatsukitsa redieta kawiri, ndinkayenda ndi chigubu cha madzi ngati wopita kudimba. Palibe amene anaona kuti payipi yapansi ya redieta inali yokokeka ngati legeni miyezi yonseyi.

Masabata atatu apitawo, kutentha kwa Okutobala kuja, ndinali kukwera Khwekhwerere ndi matumba a usipa ndi ochepa a mpunga. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti kuchoka ku Golomoti n'kukhota ndi kukwera kokhakokha, giya yachiwiri, mwina yoyamba. Nditadutsa theka la phiri ndinangomva phuu! Nthunzi tolo pagalasi. Mnyamata wanga analumpha n'kuika mwala kutayala, ine n'kutsegula boneti: payipi yang'ambika pakhosi penipeni, pamene pali chomangira. Madzi onse anali akutsetsereka pa tala kubwerera ku Golomoti.

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa ndekha, sindinamizira munthu. Tinadula pong'ambikapo, n'kuikoka payipi yofupika kale ija, n'kumanga ndi mphira wa chubu. Ana anatibweretsera madzi m'zigubu. Ndinaopa kugona m'phiri ndi katundu wa eni, ndiye ndinaikakamiza kuti ifike pa Masasa. Inafikadi, koma ikutulutsa utsi woyera, ndipo oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi inapsa, hedi (mutu wa injini) inapindika mpaka kukaipalitsa ku Lilongwe. K610,000 ija ndi imeneyo, osawerengera masabata atatu osagwira ntchito.

Makaniko amene wakonza tsopanoyu, mdala wofatsa, anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Nanga zitsulo zotsitsira redieta zili kuti?" Ndinapita kukafukula bokosi lija. Papepala la mkatimo zitsulozo zajambulidwa bwinobwino, ziwiri. M'bokosi langa munalibe. Pogula, wogulitsa uja anachita kundigwira paphewa kuti, "Zonse zili momwemo, achimwene." Nditamuimbira anati olakwa ndi amakaniko anga. Nditamutumizira chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp, anakhala chete masiku anayi, kenako n'kuyankha kuti angathe kundiitanitsira zitsulozo pa K85,000 chifukwa dola yakwera. Zanga zomwe, ndigulenso kachiwiri! Wowotcherera wa pamsika anandipangira ndi zidutswa za chitsulo pa K15,000, redieta yatsika, chivundikiro china chalowa. Dzulo ndinaiyesa ndi matumba khumi pa chikweza cha ku Bembeke, muvi sunasunthe.

Ndikaiona itaima panja m'mawa imandisangalatsabe, ndipo mvula ikayamba mwina ndidzaiyamikiranso. Koma ndikawerengera K380,000, K90,000, K610,000 ndi matayala, ndalama imeneyo ikanakwana kusintha masipiring'i ndi mashoko onse, ina n'kutsala ya feteleza. Ndiye alamu, ngati mtima wanu wakakamirapo, gulani, koma mutsegule bokosi pamaso pa wogulitsayo, muwerenge chitsulo chimodzichimodzi motsatira pepala, ndipo mupereke theka lokha mpaka galimoto itakwera phiri. Nambala ya amene anandigulitsa ine musandipemphe. Ndamuuza kuti andibwezereko ngakhale K15,000 ya wowotcherera ija, uthenga wawerenga, koma mpaka pano kuli chete.