Kukonza ng'oma pa Beat Sequencer ya GarageBand

Ndimakonza ng'oma za kwaya yathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, pa Beat Sequencer, gawo lokonzera ng'oma lokhala ndi mizere ya timabokosi, la mu GarageBand, pulogalamu yopangira nyimbo pa iPad. Mzere uliwonse ndi chida choyimbira chimodzi, ndipo ukakhudza kabokosi ndi chala kamawala, nthawi yake ikakwana ng'oma n'kulira. Utali wa kayimbidwe umasankhidwa pakati pa mabokosi 16, 32 kapena 64, koma chimene ndachikonda koposa ndi Velocity, chifukwa ndikachepetsa mphamvu ya mabokosi ena, ng'omayo imaleka kugunda mofanana ngati chigayo, n'kuyamba kumveka ngati ikuyimbidwa ndi manja. Mbali ina yotchedwa Chance imadumphitsa kugunda kwina mwa apo ndi apo, choncho m'tchalitchi sindiigwiritsa ntchito, popeza oyimba amafuna ng'oma yokhazikika. Pulogalamuyi ndi yaulere, ngakhale imapezeka pa zipangizo za Apple zokha, zomwe kuno n'zosowa ndiponso zodula.