Kupala madisiki, kugula atsopano kapena kusintha mapadi: chimathetsa kunjenjemera kwa mabuleki ndi chiti?

Anzathu amene amatulukira pachipata cha Dedza ndi galimoto zawo zaliwiro kukathamanga m'mabwalo a mpikisano wa galimoto ku Donnybrook ku Harare kapena ku Zwartkops pafupi ndi Pretoria, kawirikawiri amabwerako ndi dandaulo limodzi: akaponda buleki galimoto ili paliwiro, chiwongolero chimanjenjemera ndipo buleki imagunda kuphazi. Amakanika ambiri amathamangira kunena kuti disiki yapindika, koma nthawi zambiri sizikhala choncho. Mapadi akatentha mopyola muyezo amasiya zomatirira pa disiki mosafanana, ndipo ngakhale disiki itasiyana makulidwe ndi 0.02 mm yokha, phazi limamva.

Kupala disiki pamakina ndiko ambiri kuno amakudalira chifukwa n'kotsika mtengo, ndipo pa galimoto yokagulira kachewere ku Lizulu kumathandizadi. Pa galimoto yampikisano sindikulimbikitsa. Disiki yopalidwa imapyapyala, motero imatentha msanga kuposa kale, ndiye vuto limene munalichotsa mumaliitananso. Onaninso nambala imene amailemba pa disiki pambali pa zilembo MIN TH, yosonyeza makulidwe otsikitsitsa ololedwa, chifukwa pansi pa pamenepo disiki ndi yotaya. Ngati pali mawanga abuluu, ndiye kuti chitsulo pamenepo chinatentha kwambiri, mwina kufika madigiri 650, n'kuuma kuposa malo ena. Makina amangosalaza pamwamba, koma malo oumawo sadyeka mofanana ndi ena ndipo amadzatulukiranso.

Madisiki atsopano ndi osapeweka pamene pali mawangawo kapena ming'alu yofika m'mphepete. A zigawo ziwiri, monga a AP Racing kapena Brembo, amene pakati pake ndi pa aluminiyamu, amalola mkombero kufufuma ukatentha popanda kupendekeka, kungoti mtengo wake ndi woboola m'thumba ndipo ayenera kuitanitsidwa kunja. Pomanga, palani dzimbiri lonse pa habu (chitsulo chimene disiki imakhalapo), yezani kuti disiki isagwedere kupyola 0.05 mm, ndipo manati amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati kulumikiza paipi n'kupondapo. Komabe disiki yatsopano yokhala ndi mapadi omwe aja a pamsewu singachedwe kuyambiranso.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ndalama zoyamba zipite ku mapadi opirira kutentha, monga Ferodo DS2500. Disiki ikakhala yopanda mawanga, ikwecheni ndi sandipepa, ikani mapadiwo, kenaka pamalo opanda anthu tsitsani liwiro kuchoka pa makilomita 100 pa ola kufika pa 20 maulendo pafupifupi 10 osaimiratu, ndipo mukatero yendani osaponda buleki kuti zizizire. Kuipa kwake n'kwakuti mapadi otere amalira komanso amadetsa marimu, ndipo a mpikisano weniweni sagwira bwino akazizira, chinthu chimene munthu woyenda m'mawa wa mu Juni kuno ku Dedza ayenera kuchiganizira.

Pa njira zitatuzi palibe imene ingapirire dalaivala amene amaima n'kukanikiza buleki madisiki ali moto, pakuti pamenepo ndi pamene padi imadinda chithunzi chake pa disiki. Mukatha kuthamanga zungulirani bwalo kamodzi pang'onopang'ono, ndipo poimika musakoke handibuleki. Siyani galimoto mu giya n'kuika mwala kutayala. Chitaninso chimodzimodzi mukatsika Khwekhwerere n'kufika ku Golomoti.