Humidifier ya malita 4 ndi hygrometer yake: n'zothandizadi pa chimfine cha mu Harare?

Makina otulutsa nthunzi yozizira awa adzaza m'mashopu a mtauni, ndipo ogulitsa ena amati amapha mavairasi. Sapha. Ntchito yake ndi kuwonjezera chinyontho mumpweya, ndipo kuno kuyambira June mpaka October zimenezi n'zofunika, chifukwa mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka.

Vairasi ya chimfine cha fuluwenza imakhalitsa mumpweya wouma. Kafukufuku wa ku America wa 2013 anapeza kuti patatha ola limodzi, chinyontho chikakhala 23% kapena kutsika, mavairasi oposa 70% anali akadali ndi mphamvu yodwalitsa, koma chikafika 43% ankatsala pafupifupi 20%. Choncho chinyontho cha m'chipinda chikhale pakati pa 40% ndi 60%. Mukapyola apo chuku chimayamba kumera kuseri kwa wadiropu.

Kameneka ka hygrometer, koyezera chinyontho mumpweya, ndiye kofunika kwambiri, koma totchipa timanama. Kayeseni chonchi: thirani mchere m'chitsekero cha botolo, muunyowetse pang'ono osausungunula, muike pamodzi ndi kamakinako m'pulasitiki yomanga bwino kwa maola 8. Kayenera kuonetsa 75%. Kakaonetsa 68%, muziwonjezera 7 nthawi zonse.

Vuto lalikulu ndi madzi. A pamjigo ali ndi mchere wa m'miyala, ndiye makinawo amauponyera mumpweya n'kusiya fumbi loyera pa TV ndi pamipando, lomwe ana amapumanso. Gwiritsani ntchito distilled water, madzi ochotsedwa mchere wonse. Madzi otsala tayani tsiku lililonse, thanki muitsuke ndi viniga masiku atatu aliwonse. Yosatsuka imafalitsa tizilombo m'malo moteteza. Makinawa amadya magetsi ochepa, a sola amakwanitsa.

Dzuwa makinawa sangalilowe m'malo. Mu 2020 akatswiri anapeza kuti kuwala kofanana ndi dzuwa la chilimwe kumafooketsa 90% ya vairasi ya Covid-19 mumpweya m'mphindi 8, pomwe mumdima zinkatenga maola oposa 4. Koma galasi la zenera limatsekereza mbali yaikulu ya cheza cha UVB chomwe chimagwira ntchitoyi, ndiye kuwala kolowa pazenera lotseka musakudalire. Tsegulani mawindo masana, wodwala aziothera dzuwa panja.

M'chipinda chogona cha mwana kapena agogo, gulani zonse ziwiri, humidifier ndi hygrometer. M'nyumba zothithikana ngati za ku Mbare, komwe anthu ambiri amagona chipinda chimodzi, yambani ndi hygrometer yokha: nthawi zambiri mpweya wa anthuwo ndi zophika zimakhala zakweza kale chinyontho.