Nyumba yokumbukira ophedwa mu ulamuliro wa Mengistu ku Addis Ababa

Ngati mwaima ku Addis Ababa kudikira ndege ya mawa ndipo muli ndi chilolezo chotuluka pa bwalo la ndege la Bole, kwerani takisi mupite ku Red Terror Martyrs' Memorial Museum, nyumba yokumbukira anthu ophedwa ndi boma la asilikali la ku Ethiopia. Ili m'mbali mwa bwalo la Meskel Square, anaitsegula mu 2010. Ine nditapita sankalipiritsa pakhomo, umangoponya m'bokosi kangachepe komwe uli nako.

Nyumbayo ndi yaing'ono, ola limodzi wamaliza. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi anthu okuyendetsa. Wathu anali bambo wachikulire amene anakhalapo m'ndende za Derg, gulu la asilikali lomwe linagwetsa mfumu Haile Selassie mu 1974. Amayankhula motsitsa, osathamanga. Anatiimika pakhoma lodzaza zithunzi za anyamata ndi atsikana, ambiri ana asukulu, omwe ankaganiziridwa kuti ndi a chipani cha EPRP, chomwe chinkatsutsana ndi Derg. Kenaka analoza panja n'kutiuza kuti pabwalo la Meskel lomwelo, mu 1977, Mengistu Haile Mariam, mtsogoleri wa Derg, anaphwanya mabotolo a madzi ofiira ngati magazi pamaso pa khamu, kulengeza zoti adani ake atha. Makolo ena pokatenga mtembo wa mwana wawo ankauzidwa kuti alipire kaye chipolopolo chomwe chinamupha. Chipinda chomaliza muli zigaza ndi mafupa ofukulidwa m'manda a anthu ambirimbiri, aziika m'magalasi. Ana ang'ono musapite nawo.

Pobwerera, woyendetsa takisi sanagwirizane nazo zonse. Iye akuti Derg inalanda minda kwa eni malo olemera mu 1975 n'kupatsa alimi, ndiponso inatsegula sukulu za kwacha mpaka kumidzi. Zimenezo n'zoona, sindinamutsutse. Koma njala ya 1984 inapulula anthu boma lomwelo likukondwerera zaka khumi za ulamuliro wake, ndipo amenewo sawerengedwa n'komwe pa zithunzi zija.

Chomwe chinandivuta kwambiri n'choti mwini nkhaniyi, Mengistu, anathawira kufupi ndi kwathu. Mu 1991 anapita ku Harare. Khoti la ku Ethiopia linamupeza wolakwa pa mlandu wopulula anthu mu 2006, mu 2008 n'kumugamula kuti aphedwe, koma Zimbabwe inakana kumubweza, ati anathandiza omenyera ufulu wawo.

Mukapita, musangowerenga zolembedwa pakhoma. Pemphani wokuyendetsani, ndipo tengani ma birr (ndalama za ku Ethiopia) okwanira kumuthokoza.